Maso a amuna anga ngofiira, abale akuti ndi chamba

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 24, ndili pabanja chaka chachitatu tsopano ndipo tili ndi mwana mmodzi. Amuna anga amachita kabaza wa njinga yamoto mumzinda wa Lilongwe. Vuto ndi loti kwa miyezi 8 tsopano maso awo sakusiya kufiira. Amati amamva ngati muli mchenga, nthawi zina amaotcha ngati mwalowa tsabola, ndipo akakhala panjinga misozi imangoyenderera. M'mawa akadzuka zikope zimakhala zitamatana pang'ono ndi timanthongo touma.

Achimwene anga akuti munthu wa maso otere ndiye kuti wayamba chamba, mpaka nkhaniyi yafika kwa ankhoswe. Ine sindidawaonepo akusuta, ngakhale mowa samwa, koma kunena zoona mtima wanga wayamba kukayika ndipo m'nyumba mwathu mulibenso chimwemwe.

Apongozi adabwera ndi masamba kuchokera kumudzi oti tifinyire m'maso, ine ndidakana, ndiye pano sakundiyankhula bwino. Amuna anga adagula kabotolo ka mankhwala odontheza kwa munthu wina mumsika. Akadontheza maso amayera tsiku limodzi, kenaka abwerera mwakale.

Mwezi watha tidapita kuchipatala. Atawaona adati maso awo ndi ouma, azithowa ndi kansalu ka madzi ofunda. Amuna anga adabwerako atakwiya, akuti adokotala adangofuna kuwachotsa pamzere. Akuti diso lotuluka misozi lingakhale louma bwanji? Chonde ndithandizeni, banja langa likugwedezeka chifukwa cha maso.

Mayi wodandaula,
Area 25, Lilongwe


Mayi,

Poyamba ndikuthokozeni pokana masamba aja. Apongozi akwiya, inde, koma n'kutheka kuti mwapulumutsa diso la mwana wawo. Nkhani imeneyi ndiibwereranso.

Za chamba, sindinganame, chamba chimafiiritsadi maso. Koma fumbi nalo limafiiritsa, utsi umafiiritsa, mphepo ndi kusagona mokwanira zimafiiritsa. Inu mwakhala ndi bambowa zaka zitatu, mumachapa zovala zawo, fungo lawo mumalidziwa, ndalama imene amabwera nayo madzulo mumaiona. Chamba sichibisika kwa munthu wogona naye mphasa imodzi. Komanso chamba sichimata zikope m'mawa kwa miyezi 8. Achimwene anu agamula mlandu ndi mboni imodzi yokha, mtundu wa diso, pomwe achipatala adaliona disolo n'kutchula nthenda yake. Ankhoswe akakuitanani, mutenge kabuku ka kuchipatala muwaonetse pomwe adokotala adalemba.

Tsopano funso la amuna anu. Si funso lopusa ayi, ambiri amafunsa chimodzimodzi.

Misozi si madzi okha. Kamadzi kamene kamanyowetsa diso nthawi zonse kali ndi zinthu zitatu: pansi pali kachinthu kotelera komwe kamagwiritsa misozi padiso, pakati pali madzi, ndipo pamwamba pali mafuta. Mafutawo ndiwo chivundikiro, amatchinga kuti madzi asaume msanga. Amachokera m'timatumba ting'onoting'ono tomwe tidandandalika m'kati mwa zikope, ndipo timakamwa take tili m'mphepete mwa chikope, kuseri kwa nsidze. Chikope cham'mwamba chili ndi timatumba pakati pa 25 ndi 40, cham'munsi pakati pa 20 ndi 30. Madokotala amatitcha meibomian, potengera dzina la Heinrich Meibom, dokotala wa ku Germany yemwe adatifotokoza m'chaka cha 1666. Munthu akaphethira, mafuta pang'ono amafinyika n'kuyala padiso.

Mwa anthu ambiri odwala nthenda ya kuuma kwa maso, vuto limakhala pamenepa. Mafuta aja amalimba n'kutseka timakamwa. Inu ndinu mayi wapakhitchini, mukudziwa momwe mafuta a nyama ya ng'ombe amagwiranirana m'poto ndiwo zikazizira. N'chimodzimodzi. Mafuta akapanda kutuluka, misozi imauma mwachangu, diso liyamba kuotcha ndi kumva mchenga. Likatero limaitanitsa thandizo, ndipo thumba lalikulu la misozi limakhuthula madzi ambiri nthawi imodzi. Koma madzi amenewo alibe mafuta, amangoyenderera m'masaya ngati mvula ya mkuntho pamsewu, osakhazikika. N'chifukwa chake munthu amalira misozi koma diso lili louma.

Nanga mafuta a m'poto aja mumawatani? Mumaika pamoto, asungunuke. Kuthowa n'komweko. Choncho adokotala sadawathamangitse amuna anu. Adawapatsa mankhwala enieni, omwewo amene madokotala a maso ku London kapena ku Johannesburg amayambira. Chomwe chidasowa, momwe ndikuonera, n'kufotokoza kathowedwe kake, poti mzere wa kuchipatala sumpatsa munthu mpata wofunsa.

Ndifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa ambiri amene amati kuthowa sikuthandiza amakhala akuthowa molakwika.

Chinsinsi chagona pa zinthu ziwiri, kufunda kwake ndi nthawi yake. Kuti mafuta olimba asungunuke, chikope chifunika kufunda mpaka cha m'ma digiri 40, kungopitirira pang'ono kutentha kwa thupi komwe ndi 37, ndipo chikhale chofunda choncho kwa mphindi zosachepera zisanu, makamaka 10. Vuto la kansalu ndi loti kamazizira msanga, mphindi imodzi kapena ziwiri katha mphamvu. Munthu akangonyika kamodzi, n'kuika pamaso, n'kudzuka, wangosukusula basi.

Ndiye chitani chonchi. Sambani m'manja ndi sopo. M'kabeseni koyera thirani kapu imodzi ya madzi owira ndi makapu atatu a madzi ozizira aukhondo. Yesani kuseri kwa dzanja kapena pamkono, monga mumayesera madzi osambitsa mwana. Azimveka ofunda bwino koma osawawa pakhungu. Khungu la chikope ndi lopyapyala kwambiri, silichedwa kupsa, ndiye zoti madzi akatentha kwambiri ndiye kuti achira msanga muziiwale. Tengani tinsalu tiwiri toyera. Nyikani kamodzi, finyani, pindani, amuna anu atsinzine ndipo kaikeni pazikope. Kakayamba kuzizira sinthani ndi kanzake komwe kali m'beseni. Madzi a m'beseni akazirala onjezerani otentha pang'ono kuchokera mufulasiki. Pitirizani mpaka mphindi 10 zikwane, ndipo muziyang'ana nthawi pafoni, osangoganizira.

Ena amagwiritsa ntchito dzira lowiritsa kapena kachewere wophika, wokulungidwa m'kansalu, chifukwa zimasunga kufunda nthawi yaitali. Palibe cholakwika, bola mudikire kuti zipole kaye, muyese pamkono, ndipo muzingogunditsa pachikope osakanikiza. Dziralo silitayika, akatha kuthowa adye. Amene muli ndi microwave mungathe kuthira mpunga wosaphika m'sokosi yoyera, kumanga, n'kutenthetsa pang'ono, koma muziigwedeza ndi kuiyesa kaye poti mpunga umatentha mosafanana. M'mafamase ena m'tauni mumapezekanso timapilo topangira ntchito imeneyi. Ndi tabwino, koma musakongole ndalama chifukwa cha timeneti.

Kansalu kakangochoka, mafuta akadali ofewa, asisite zikope ndi chala choyera ali chitsinzinire. Chikope cham'mwamba azisisita kutsikira kunsi, cham'munsi kukwezera kumwamba, konse kulozera kunsidze komwe kuli timakamwa tija, kasanu kapena kupitirirapo pang'ono kuyambira mbali ya kumphuno mpaka ya kukhutu. Kusisita kwake n'kwa pang'onopang'ono. Si kutikita ngati akukanda ufa wa mandasi, ndipo asakanikize diso lenilenilo. Pomaliza apukute m'mphepete mwa zikope ndi nsonga ya kansalu konyowa kuti timanthongo ndi mafuta otuluka zichoke. Sopo wochapira, mchere, mandimu, Vicks, zonsezi zisayandikire. Kufukiza nthunzi ya bulugama kuja tidazolowera nthawi ya Covid-19 nakonso si kwa maso.

Akamaliza aziona mwachimbuuzi kwa mphindi zingapo chifukwa cha mafuta amene atuluka. Asachite mantha, koma asakwere njinga mpaka maso atayera. Tinsaluto tikhale ta iwo okha, muzitichapa tsiku lililonse n'kuyanika padzuwa. Mukukumbukira momwe pink eye idafalikira m'dziko muno mu 2024, kubwerekana tinsalu topukutira kumaso ndi njira imodzi imene nthenda zotere zimayendera.

Azichita kawiri patsiku, m'mamawa ndi madzulo. Apa ndiye pofunika kudekha kuja akuluakulu amati n'komwe kumaonetsa maso a nkhono. Masiku atatu oyamba mwina sadzamva kusintha kulikonse. Ambiri amayamba kupeza bwino pakapita masabata awiri mpaka anayi. Zikayamba kuyenda atha kuchepetsa kufika kamodzi patsiku, koma ndikuuzeni zoona kuti musadzandinene bodza: nthendayi ndi yamgonagona. Kuthowa kumaigonetsa, sikuichotseratu. Akasiya, mafuta adzalimbanso. Azikuona ngati kutsuka mano. Ndipo kunyalanyaza kuli ndi mtengo wake, chifukwa timatumba tikakhala totsekeka zaka zambiri timafota, ndipo tofotato sitibwereranso.

Mphindi 10 za madzulozo muziwathowa ndinu. Munthu wotopa ndi msewu tsiku lonse sangapirire kusinthasintha tinsalu yekha, pofika Lachitatu adzakhala atasiya. Komanso mwati m'nyumbamo simukuyankhulana bwino. Mwamuna wotsinzina, foni ili patali, sangathawe kucheza.

Tsopano kabotolo ka mumsika kaja. Aka ndiko kakundidetsa nkhawa kuposa zonse zimene mwalemba. Katengeni muwerenge. Mukaona mawu oti dexamethasone, betamethasone, prednisolone kapena hydrocortisone, dziwani kuti ndi mankhwala a gulu la steroid. Amayeretsa diso mwachangu, n'chifukwa chake ogulitsa amawakonda, koma munthu akamadontheza masabata ndi miyezi popanda womuyeza amatha kukweza pulesha ya m'diso n'kuyambitsa glaucoma, nthenda yopha mtsempha wa diso mwakachetechete. Kuona kotayika ndi glaucoma sikubwerera. Amayambitsanso ng'ala, ndipo ngati pagalasi la diso pali kachilonda amakakulitsa. Palinso ena ongofinya timitsempha kuti diso lioneke loyera, akatha mphamvu limafiira kuposa kale. Ngati akhala akudontheza kwa nthawi yaitali, apite nako kabotoloko kuchipatala sabata ino, akawauze achipatala nthawi imene adayamba, akawayeze pulesha ya m'maso ndi kuwauza kasiyidwe kake. Munthu wa kabaza maso ndiye mpamba wake.

Odontheza oyenera alipo. Amatchedwa misozi yochita kupanga, ndipo pakabotolo pamalembedwa hypromellose kapena carboxymethylcellulose. Amenewa amangonyowetsa diso ndipo amayenda bwino limodzi ndi kuthowa. Agule kufamase yovomerezeka. Ngati akufunika kudontheza kopitirira kanayi patsiku, afunse omwe alibe mankhwala oteteza kuti asawonongeke, chifukwa mankhwala otetezawo akachuluka nawo amayabwa diso. Za makapisozi a mafuta a nsomba omwe ena amatsatsa, kafukufuku wamkulu wa ku America yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2018 adapeza kuti omwe ankamwa makapisoziwo sadapeze bwino kuposa omwe ankamwa a mafuta a olive. Ndalama imeneyo mugulire usipa, banja lonse lidye.

Za masamba a apongozi. Iwo sadabwere ndi nkhanza, adabwera ndi chimene akuchidziwa. Koma diso si ngati mwendo. Madzi a masamba, phulusa, shuga, mkodzo, ngakhale mkaka wa m'mawere umene amayi ambiri amakamira m'maso, zimatha kulowetsa tizilombo kapena kuotcha galasi la diso. Kafukufuku wina yemwe adachitika pazipatala ziwiri za m'maboma m'dziko muno, wotuluka mu 1994, adapeza kuti mwa odwala omwe adafika ndi nthenda za pagalasi la diso, mmodzi mwa atatu alionse adali atathirako mankhwala achikuda. Diso louma ndiye silichedwa n'komwe kuchita chilonda.

Koma musakawalalikire apongozi ngati mwana wa sukulu. Kuthowa si chinthu chachilendo kwa iwo. Adathowapo miyendo yobinya, adathowapo amayi ongochira kumene. Apempheni amuna anu, osati inu, akawauze kuti achipatala adalamula kuthowa ndipo adaletsa kuthira china chilichonse m'diso. Akabwera kudzacheza, apatseni kansalu athowe mwana wawo. Mudzaona nkhope itamasuka.

Kuthowa pakokha sikungalimbane ndi msewu. Munthu woyenda panjinga tsiku lonse mphepo ikumenya m'maso ali ngati chovala choyanika pachingwe, ndiye kuonjezera fumbi la miyezi ya September ndi October. Chisoti chawo chikhale ndi galasi lakutsogolo ndipo azilitsitsa, osati kulikweza pamwamba ngati chokongoletsera. Ngati lidakalikakalika moti saona bwino, agule lina, kapena magalasi otchinga mpaka m'mbali. Kunyumba mbaula izikhala panja kapena pamalo popita mphepo, ndipo ngati muli ndi fani isamawombe kumaso usiku.

Foni nayo ili ndi mlandu. Munthu amaphethira maulendo 15 mpaka 20 pamphindi, koma akatong'olera maso pafoni kapena pakompyuta amaphethira theka la pamenepo kapena kucheperapo, ndipo paja tati mafuta amatuluka ndi kuphethira. Ngati amuna anu ali m'gulu lija lotsatira mpira ndi Facebook mpaka pakati pa usiku, achepetse. Pa mphindi 20 zilizonse azichotsa maso pafoni, ayang'ane kutali masekondi 20, atsinzine kwathunthu kangapo. Izi ndikuuzanso inu a m'maofesi ndi m'mabanki.

Amayi anzanga amene mukuwerenga, nthendayi imagwira akazi kuposa amuna, makamaka akamakula ndi kusiya kusamba. Pensulo yopaka m'kati mwa chikope imadutsa pomwe pali timakamwa ta mafuta, ndipo nsidze zomata zimasunga litsiro. Pakani kunja kwa nsidze, ndipo musagone nazo zopakazo.

Pobwerera kuchipatala akatchule mankhwala onse amene amamwa. Piriton, amitriptyline ndi ena okodzetsa a BP amaumitsa maso. Asasiye okha, angonena. Shuga, nyamakazi yotupitsa mfundo, nthenda za chithokomiro ndi HIV nazo zimatha kubwera ndi maso ouma, ndiye ngati papita nthawi asadayezetse, mpata ndi umenewu. Ngati m'kamwa namo mumauma, anene.

Pali nthawi yoti kansalu mukasiye muthamange kuchipatala tsiku lomwelo: diso likamawawa kwambiri, kuona kukachepa osabwerera ngakhale aphethire, akamalephera kuyang'ana kuwala, pakaoneka kadontho koyera pagalasi la diso, mukamatuluka mafinya ambiri, chikope chikatupa kwambiri ndi kutentha thupi, kapena mukalowa kachitsulo kaya mankhwala. Wochitidwa opaleshoni ya diso kumene ndi wodwala mashingozi kumaso asathowe popanda kufunsa. Ngati patatha mwezi akuthowa moyenera koma palibe kusintha, apite ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central, poti muli pafupi. A ku Blantyre chilipo china pa Queen Elizabeth, ndipo ku Zomba Central, Mzuzu Central ndi ku Nkhoma nakonso amaona maso. Pali mankhwala ena akumwa ndi odontheza amene adokotala amaonjezera kuthowa kukachepa mphamvu.

Mundilemberenso pakatha mwezi, ndimve za maso komanso za ankhoswe.


Azakhali,

Mwana wanga wamwamuna wa zaka 7 amangotikita maso usana ndi usiku, makamaka nyengo yotentha. Mbali yoyera ija idasanduka yakhofi. Mnzanga wa kuntchito amathowa maso ake ndi madzi ofunda ndipo amati zimamuthandiza, ndiye tidayesa kwa mwanayu masiku anayi, koma kuyabwa kudangowonjezeka. Talakwitsa pati?

Bambo B,
Balaka


Bambo,

Mwalakwitsa pobwereka mankhwala a nthenda ina. Mnzanuyo mwina ali ndi maso ouma monga ndafotokozera pamwambapa. Zimene mwalemba za mwana wanu, kuyabwa kwambiri, mtundu wa khofi, kukula kwa vuto nyengo yotentha ndi ya fumbi, zikufanana ndi nthenda ya ziwengo za m'maso, yomwe ndi yofala mwa ana a m'madera otentha, makamaka anyamata. Pa ziwengo, kufunda kumaonjezera kuyabwa. Iye afunika kansalu ka madzi ozizira, mphindi zisanu kapena 10 atatsinzina, kangapo patsiku, komanso kusukusula ndi madzi oyera akabwera kosewera.

Mupite naye kwa woona maso pachipatala cha boma, pali odontheza oletsa ziwengo oyenera ana. Ambiri imawasiya akamakula, koma pakadali pano zinthu ziwiri zingamuwonongere maso. China ndi kutikita kosalekeza, komwe pakapita zaka kumatha kupinda galasi la diso mpaka mwana osaona bwino pabolodi. China ndi odontheza a steroid ogula mwachisawawa. Mwa ana amakweza pulesha ya m'diso mwachangu kuposa mwa akuluakulu. Adokotala akawalemba, mutsate masiku amene anena ndipo mubwerere pa tsiku limene akupatsani, osakagula ena botolo likatha.

Muonetsetsenso chinthu ichi. Mwana akamapunthwa kukangoyamba mdima, kapena pambali yoyera ya diso pakaoneka timawanga touma ngati thovu la sopo, makamaka ngati wangodwala chikuku kapena kutsekula m'mimba kwa nthawi yaitali, kumeneko ndi kuchepa kwa vitamini A m'thupi. Kansalu ka mtundu uliwonse sikathandiza, n'zofunika chipatala msanga. Ngati ali ndi azing'ono ake osakwana zaka zisanu, kusikelo amapereka vitamini ameneyu miyezi 6 iliyonse kuyambira mwana ali ndi miyezi 6, muone m'kabuku ngati adalandira. Pakhomo, mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira m'kati, nkhwani, bonongwe ndi chisoso zothira nsinjiro kapena mafuta pang'ono, dzira ndi chiwindi zikapezeka. Zikhadabo zake muziwenga zikhale zazifupi.